Chipinda Nambala Folotini

Basi ya sikisi koloko imabwera kukadali mdima,
ine Lenora Tibbs ndimakwera nditavala nsapato za mkulu wanga,
zazikulu pang'ono, kunsonga ndafutsako tishu.
Sinowo ya ku Toledo siisankha munthu,
imalowa pabowo lililonse lomwe yapeza.

Chipinda chathu chili pansi pa nyumba ya boma,
kuseri kwa makina otenthetsa, kumene mapaipi amatsokomola.
Tilimo khumi ndi awiri.
Bambo Okonski amaima kutsogolo, tayi yawo ya madontho a khofi,
kutiphunzitsa kugwira munthu chanza.
"Osati molobodoka ngati sanza yonyowa," amatero,
"koma musamuthyolenso zala."
Ndiye timapatsana moni tokhatokha,
ine ndi Yesenia, Yesenia ndi Darnell,
Darnell amene anaumba magalasi a galimoto zaka naintini
mpaka m'mawa umene anapeza geti litamangidwa ndi unyolo.
Dzanja lake ndi lokhakhala ngati khungwa.
Lero likuphunzira kupereka moni.

Papepala la mbiri yanga ya ntchito pali mpata wa zaka zisanu ndi chimodzi.
Bambo Okonski analoza ndi cholembera: "Apa munali kuti?"
Ndinkatembenuza amayi pakama kuti asatuluke zilonda,
ndinkawerenga mapiritsi, kuchapa zofunda pakati pa usiku,
ndinkaphunzitsa Marquis kumanga zingwe za nsapato.
Anakanda kumutu, kenako analemba:
wodziwa kusamalira odwala, wopirira, wosunga nthawi.
Ndinayang'ana dzina langa pamwamba pa mawu amenewo
ngati ndakumana ndi mlendo pagalasi.

Lachinayi lapitali akuluakulu atatu a dera lathu anakhala pansanjika yachitatu,
pamwamba penipeni pa mitu yathu,
kukambirana ngati ndalama ya kalasiyi ipitirire chaka chamawa.
Tinakwera masitepe, tinakhala kumbuyo, majekete m'manja.
Mmodzi anati misewu nayo ili ndi maenje.
Wina anafunsa kuti mwa anthu zana, angati amapezadi ntchito.
Mayi wa pakompyuta anati makumi anayi ndi mmodzi.
Yesenia anandikodola: "Mmodzi wapaderayo ndine."
Tinasekera m'zikhatho, mlonda anatiponyera diso.
Manja awiri anakwera, limodzi linakhalabe patebulo
likuseweretsa kapu yamadzi.
Basi. Mphindi zinayi zokha,
kenako anadumphira ku nkhani ya kotayira zinyalala.

Sindikuti ndawoloka.
Khadi la chakudya likadali m'chikwama,
limauma pa twente mwezi usanathe,
ndipo akandilemba ntchito ya malipiro okwererako pang'ono
a kuofesi adzachepetsa thandizo la lendi,
ndawerengera kale kuseri kwa envelopu ya bilu ya magetsi,
kawiri, ndi pensulo ya mwana.
Walira mvula walira matope, ndikudziwa.
Koma ndatopa kukhala pawindo.

Mawa naini koloko ndili ndi intaviyu
kunyumba yosungira okalamba, basi ziwiri kuchokera kuno.
Jekete ndabwereka m'kabati ya kalasi, yabuluu, ya mapewa otambalala.
M'thumba mwake ndapeza tikiti yakale ya basi
ndi switi imodzi yomatirira kupepala lake,
za mayi wina amene anaivala ine ndisanabwere.
Kaya anamulemba, kaya anabwerera kudzaipachika mwakachetechete,
palibe wondiuza.
Switiyo ndaisiya momwemo.

Usiku uno Marquis waima pakhomo la bafa, mswachi mkamwa,
wanditambasulira dzanja ngati bwana.
"Tiuzeni za inu, Mayi Tibbs."
Ndamugwira chanza, osati molobodoka, osamuthyola zala.
Ndatsegula pakamwa,
mawu onse a Bambo Okonski athawa.
"Ndimafika pa nthawi yake," ndatero.
Iye walavula thovu m'sinki, waganiza kaye.
"Bwerezaninso, amayi. Munayang'ana pansi."